Chikomekome cha Migodi ya Solomoni

Alipo ambiri amene amayamikira kanema wotchedwa King Solomon's Mines, amene adatuluka m'chaka cha 1985. Iwo amati muli chikondi, kuthamangitsana ndiponso chuma chobisika m'phanga. Richard Chamberlain, posewera ngati Allan Quatermain, amaperekeza Sharon Stone kukafunafuna bambo wake, katswiri wofukula zinthu zakale. Sitikana kuti maso amakondwa. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kanemayu adachokera m'buku limene H. Rider Haggard adatulutsa mu 1885. Phata la nkhaniyo ndi lakuti m'kati mwa Africa muli migodi ndi msewu waukulu zimene adazikonza ndi alendo akutali m'masiku a Mfumu Solomoni, pamene eni nthaka adangokhalira chuma chimene sadachigwirire ntchito. Ganizoli sadaliyambitse ndi Haggard. Karl Mauch wa ku Germany atafika pa mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871, adanena kuti malowo ndi okhudzana ndi Mfumukazi ya ku Sheba. Bodzali lidawakomera atsamunda, pakuti munthu amene mwamunenera kuti sadamangepo kanthu savuta kumulanda dziko.

Nanga ofukula zakale enieni adapeza chiyani? David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adakumba pamalopo, ndipo onse awiri adatsimikiza kuti mzindawo adamanga ndi anthu akuda. Makolo a Ashona ndiwo adasanja makoma amiyalawo popanda dothi lomatira, ena otalika mamita 11. Choonadichi chidawawa kotero kuti Peter Garlake, yemwe ankayang'anira malo akale m'dzikomo, adachoka mu Rhodesia mu 1970 chifukwa boma silidafune kuti azichinena poyera.

Chomvetsa chisoni ndi ichi: kanemayu adamujambula ku Zimbabwe komweko, patangopita zaka zochepa dzikolo litalandira ufulu mu 1980 n'kudzitcha dzina la mabwinja aja. Koma mwini dziko akuoneka bwanji m'kanemamo? Ndi wodya anthu, amene akuponya azungu awiri mumphika waukulu pamodzi ndi ndiwo zamasamba. Ngakhale chikondi chimene anthu amachitamacho chili ndi nyerere zake. M'buku muli namwali wakuda, Foulata, amene adakondana ndi Captain Good, koma mlembi adamupha nkhani isanathe. Opanga kanema adaika chikondi m'manja mwa mkazi wachizungu.

Ena adzati, "Aphunzitsi, amenewa ndi masewero chabe, bwanji osangoseka?" Yankho lake n'lapafupi. Mwana saiwala chimene adachiona akuseka. Ndi angati mwa oyamikira kanemayu amene adamvapo za Caton-Thompson? Mphika uja amaukumbuka onse. Bodza lothiridwa uchi limamezedwa msanga kuposa choonadi cha m'kalasi.

Sindikunena kuti kanemayu aletsedwe. Onerani, sekani, yamikirani luso la ojambula. Koma inu ophunzira, musanaombe m'manja, dzifunseni kuti: kodi akusekedwa ndani, ndipo chuma akuchifunacho n'cha yani? Woonera amene safunsa mafunso awiriwa amaombera m'manja wakuba amene akutuluka m'nkhokwe ya agogo ake.