Funso la "Ndani Anatulukira?" Ndatopa Nalo

Ndani anatulukira nyanja ya Malawi? Ngati munadutsa m'sukulu za pulayimale za kuno, yankho latuluka lokha musanaganize n'komwe: David Livingstone, 1859. Mwakhoza, m'manja mwanu. Funsoli likadali moyo mpaka lero. Limazungulira m'magulu a WhatsApp, m'mipikisano ya mafunso, ndi m'timabuku ta general knowledge tomwe anthu amagula akamakonzekera mayeso olowera ntchito. Ine ndikuti funsoli ndi bodza lovala tayi. Ndipo chidziwitso chonse cha mtundu umenewu, chongoloweza dzina ndi chaka, chikutipusitsa uku tikudziona ngati madolo.

Tiyambe ndi nyanja yomweyo. Livingstone anafika m'mphepete mwake mu September 1859, atatsata mtsinje wa Shire. Anapeza midzi, mabwato, maukonde, ndi njira za amalonda a minyanga ndi akapolo zolowera kugombe la Indian Ocean. Ku Nkhotakota, Jumbe Salim bin Abdullah anali atakhazikika kale kuyambira m'ma 1840, akuwolotsa anthu ogwidwa ukapolo. Mwina muti tiwerenge azungu okha. Chabwino. Mpwitikizi Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Livingstone mwiniwake analemba kuti ali ku Tete mu 1856, Mpwitikizi wina dzina lake Candido anamufotokozera za nyanja yaikulu yomwe anakafikako. Ngakhale dzina lomwe linalembedwa pamapu, Lake Nyasa, linali lobwereka, poti nyasa m'Chiyao ndi nyanja basi. Mlendo wafunsa eni mudzi kuti ichi n'chiyani, amuuza, iye n'kukalengeza kwawo kuti watulukira. Ife adzukulu a eni mudziwo tikuomberana m'manja chifukwa chobwereza zomwezo. Zoona?

Ku mathithi a Victoria nkhani ndi yomweyi. Mu November 1855 Livingstone anatengedwa pabwato ndi Amakololo a mfumu Sekeletu kukaona malo omwe iwo ankawatcha kale Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda ngati bingu. Wopalasa ankadziwa njira, wokwera ndiye analowa m'buku.

Musandimve molakwa. Livingstone anayenda maulendo oopsa, ndipo zomwe analemba zinathandiza kuutsa dziko la Britain pa nkhani ya malonda a akapolo. Mkangano wanga uli pa kapangidwe ka funso. Mpikisano wa mafunso umafuna yankho limodzi, lalifupi, loti wofunsa aone papepala n'kunena kuti wakhoza kapena walakwa. Mbiri yeniyeni siikwana m'kabokosi kameneko, ndiye amaidula manja ndi miyendo kuti ilowe. Ndipo odulidwa amakhala omwewomwewo: onyamula katundu, olondolera njira, akazi, othandizira.

Taonani phiri la Everest. Pa 29 May 1953 anthu awiri anafika pamwamba pake, Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay wa mtundu wa Sherpa. Anamangirirana chingwe chimodzi. Hillary anabwerako n'kukhala Sir, Tenzing anapatsidwa mendulo. Amene anawerengetsera mu 1852 kuti phirili ndi lalitali kuposa onse anali katswiri wa masamu wa ku India, Radhanath Sikdar, koma phirilo linatchedwa dzina la George Everest, mzungu yemwe anatsogolerapo ofesi yoyeza malo kumeneko. A ku Tibet anali nalo kale dzina lawo, Chomolungma. Ku sayansi nakonso: ndani anatulukira kapangidwe ka DNA? Mukuwa kuti Watson ndi Crick, 1953. Koma chithunzi chotchuka chomwe chinawathandiza kwambiri chinajambulidwa mu 1952 ndi Raymond Gosling, wophunzira yemwe ankagwira ntchito pansi pa Rosalind Franklin. Franklin anamwalira mu 1958, mphotho ya Nobel inaperekedwa mu 1962 kwa Watson, Crick ndi Maurice Wilkins. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma quiz imalimbikira kuti denga lililonse linasenzedwa ndi mutu umodzi.

Kumeneko n'kudula choonadi. Palinso mayankho ena omwe ndi mabodza a mkunkhuniza, koma chifukwa ndi okoma kunena, safa. Amati Christopher Columbus mu 1492 anatsimikizira anthu kuti dziko ndi lozungulira. Ayi ndithu. Ophunzira a nthawi yake ankadziwa kale zimenezo. Chomwe ankamutsutsira chinali mtunda: iye ankaganiza kuti dziko ndi laling'ono ndipo Asia ili pafupi, ndipo pamenepo olondola anali omutsutsawo. Chinamupulumutsa n'chakuti panjira panali America. Nthano ya dziko lafulati inakometsedwa ndi mlembi Washington Irving m'buku lake la 1828. Amati khoma lalikulu la ku China limaoneka uli kumwezi. Yang Liwei, Mtchaina woyamba kupita mumlengalenga mu 2003, sanafike n'kumwezi komwe, anangozungulira dziko chapafupi, koma atabwera ananena kuti khomalo sanalione. Amati timagwiritsa ntchito 10 peresenti yokha ya ubongo, mpaka filimu ya Lucy ya 2014 inamangidwa pa bodza limeneli, chonsecho makina ojambula ubongo amaonetsa kuti mbali zake zonse zili ndi ntchito. Amati Frankenstein ndi chilombo. M'buku la Mary Shelley la 1818, Victor Frankenstein ndi munthu yemwe anapanga chilombocho, ndipo icho chilibe dzina. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso lina lomwe limandiwawa ndi lakuti: chidziwitso chimakhala "general" kwa ndani? Kusadziwa kuti likulu la Australia ndi Canberra ndi manyazi, anzako akuseka mpaka misozi. Koma funsani gulu la anthu a madigiri kuti analemba Nthondo ndani. Mumva ziii. Ndi Samuel Josia Ntara, buku la 1933, lomwe linapambana mphotho pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1934. Ndi angati akudziwa kuti ku Uraha, m'boma la Karonga, kunapezeka mu 1991 chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa Homo? Nanga zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, malo 127, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006? Za ku London ndi "general", za kwathu ndi "local". Wina anasankha zimenezo, ife tinangolandira.

Komabe mankhwala ake si kungochotsa maina a azungu n'kuikapo a kwathu. Tikhoza kuloweza za kwathu mwaumbuli womwewo. John Chilembwe, 1915, holide ya pa 15 January, nkhope ya pandalama. Basi? Bwanji osafunsa chomwe chinamukwiyitsa? Panali thangata, anthu kulima minda ya azungu mokakamizidwa ngati lendi ya malo omwe ankakhalapo. Panali msonkho wa nyumba. Panali nkhondo ya 1914, yomwe Chilembwe anaidandaula m'kalata yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kuti anthu akuda akukafera mkangano wosawakhudza. Ndipo minda ya ku Magomero komwe anthu ake anakaukira pa 23 January inali ya A. L. Bruce, banja lomwe Agnes, mwana wamkazi wa David Livingstone, anakwatiwako. Mwaona? "Wotulukira" uja ndi woukira uja akukumana m'munda umodzi. Quiz imawaika m'mafunso awiri osiyana, ndipo ulusi wowalumikiza, womwe ndiye mbiri yeniyeniyo, umatayika.

Ndikudziwa ena muti, aaa iwe, ndi masewera chabe, usatisokoneze. Enanso muti munthu sungaganize ndi mutu wopanda kanthu, uyenera kudziwa zaka ndi maina kaye. Pachiwiripo ndikuvomera ndi mtima wonse. Njerwa n'zofunika. Koma mulu wa njerwa sugonamo munthu. Pa zakuti ndi masewera, masewera amaphunzitsa khalidwe. Mwana yemwe kwa zaka 12 wakhala akulandira mphotho chifukwa chobweza msanga zomwe anauzidwa, osafunsidwa ngakhale kamodzi kuti "wadziwa bwanji?", akakula amakhala nyama yofewa. Ndi yemwe uja amatumiza uthenga wa mankhwala ochiza matenda onse ku gulu la banja. Ndi yemwe uja amaponya ndalama za fizi ku kampani yolonjeza kuti zibereka kawiri pa sabata. Wandale akatchula nambala pamsonkhano, iye amaomba m'manja, poti chilichonse chokhala ndi nambala chimamveka ngati yankho lokhoza. Safunsa anadya phula.

Filimu ya Slumdog Millionaire ya 2008, yochokera m'buku la Vikas Swarup, inaigwira bwino nkhaniyi. Mnyamata wa m'makwalala a ku Mumbai akukhoza mafunso a pa TV, apolisi akumumenya poganiza kuti akubera. Kenako zikudziwika kuti pafupifupi yankho lililonse lili ndi chipsera chake m'moyo wake. Amadziwa chifukwa zinamuchitikira. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, sanatchuke chifukwa choloweza dzina la wotulukira magetsi. Anabwereka buku mu laibulale, n'kumvetsa momwe dayinamo ya njinga imagwirira ntchito, mpaka mphepo inayatsa babu kunyumba kwawo.

Ndipo foni ili m'manja mwanuyo yathetsa kale mpikisano wa kuloweza. Likulu la dziko lililonse imakuuzani musanamalize kulemba funso. Chomwe siingakuchitireni ndi kukayika pamalo poyenera. Chitsanzo ndi Eratosthenes, yemwe ankakhala ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Anamva kuti ku Syene, komwe lero ndi Aswan, tsiku lina pachaka dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, ndodo yoimika osakhala ndi mthunzi. Tsiku lomwelo ku Alexandria mthunzi unkapendekeka madigiri pafupifupi 7, gawo limodzi mwa magawo 50 a chinthu chozungulira. Anachulukitsa mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo ka 50, n'kupeza kukula kwa dziko lonse. Wodziwa dzina lake amapeza malikisi amodzi. Womvetsa njira yake akhoza kuibwereza ndi mnzake, wina ali ku Nsanje wina ku Chitipa, ndi ndodo ziwiri.

Tsono kwa inu okonza mafunso, aphunzitsi, oulutsa mawu ndi ma admin a magulu, pempho langa ndi laling'ono. Pitirizani masewerawa, koma tifunseni zotivutitsa mutu. Chifukwa chiyani Likoma ndi ya Malawi pomwe yazunguliridwa ndi madzi a Mozambique? N'chiyani chimabweretsa chiperoni ku Thyolo ndi Mulanje m'miyezi yozizira? Pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany likukhudzana bwanji ndi mkangano wathu ndi Tanzania pa malire a panyanja? Ndipo wina akayankha, musafulumire kuliza belu. Theka la mamalikisi likhale la yankho, theka linalo likhale la kufotokoza kuti wadziwa bwanji.