Vundukulani chifuwa cha mwana

Juni ndi Julayi akafika, chisanu cha ku Mphunzi sichinyengerera munthu. Mwana amavekedwa juzi, kukulungidwa m'zitenje ziwiri, ndipo akayamba kutsokomola amamuwonjezera bulangete. Chikondi chimenechi sindikuchinyoza, koma chimaphimba malo enieni amene chibayo chimaonekera. Mayi aliyense, ngakhalenso agogo otsala ndi zidzukulu makolo akapita ku dimba la mbatata, ayenera kuphunzitsidwa kuvundukula chifuwa cha mwana n'kuchiyang'anitsitsa.

Mapapo sadzikokera okha mpweya. Pansi pake pali mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Mnofuwu ukatsika, nthiti n'kutukuka, malo a m'chifuwa amakula, mpweya wa m'katimo umachepa mphamvu kuposa wa panja, ndiye wa panjawo umathamangira m'kati monga umalowera mu mvukuto wa mmisiri wosula makasu. Chibayo chikadzaza timatumba ta m'mapapo ndi mafinya, mapapo amalimba, safufuma msanga. Mwana amakoka ndi mphamvu zonse, ndipo poti nthiti zake n'zanthete, m'munsi mwa chifuwa mumalowa m'kati pokoka mpweya m'malo motukuka. Diso la mayi likhoza kuona zimenezi. Kuwerenga nakonso n'kotheka: bungwe la WHO limati khanda la miyezi 2 mpaka 11 likamapuma ka 50 pa mphindi, kapena mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40, akupuma mothamanga. Muwerengeni ali phee, asakulira kapena kuyamwa.

Ena amati kumuvula mwana m'chisanu ndiko kumuitanira chibayo. Chibayo chimabwera ndi tizilombo, ndipo mphindi imodzi m'nyumba yotseka siingamudwalitse. Choopsa kwenikweni ndi utsi wa moto wosonkha m'nyumba usiku wonse. Ena amadalira katemera wa chibayo amene Malawi anayamba kupereka mu 2011. Katemerayu wapulumutsa ana ambiri, koma sateteza ku tizilombo tonse toyambitsa chibayo. Palinso oti iyi ndi ntchito ya adokotala. Inde, kupereka mankhwala ndi kwawo, komatu adokotala sagona ndi mwanayo pamphasa. Amene amamva kubanika pakati pa usiku ndi mayi, ndipo ndi iye amene amasankha kudikira, kukatemetsa mphini, kapena kubereka mwana m'mamawa kupita kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala. Pa sikelo, pamene amayi afola ndi makadi m'manja, aphunzitsidwe kukweza malaya a mwana n'kuwerenga ndi wotchi ya pa foni.