MLANDU UKAFERA M'NJIRA, WAPHA NDANI?

Anyamata a kunyanja, kuyambira Senga Bay mpaka Chikombe, werengani mpaka pansi musanayankhe.

Mu Disembala 2021 apolisi anamanga a Dalitso Kabambe, omwe anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 2017 mpaka 2020. Nkhani yake inali yoti banki yaikuluyi inkapereka ku IMF manambala olakwika a ndalama zakunja zomwe dziko lasunga. Sindikunena kuti iwo ndi olakwa, ayi, zimenezo ndi za khoti. Koma zaka zinadutsa chigamulo osachimva.

Wina ati, zikutikhudza bwanji ife a usipa? Ase, Reserve Bank ndiye mlonda wa kwacha. Madola akasowa kwacha imagwa: 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Pulagi, pulopela, oyilo wa injini ya Yamaha, zonsezi zimachokera kunja. Ndiye mukamati makaniko tadulitsa, dziwani kuti mtengowo unayambira ku Lilongwe. Ngati manambala a mlonda anali abodza, ife olipirafe tiyenera kumva zoona zake.

Taonani mmene milandu ya akuluakulu imathera kuno. Wa a Bakili Muluzi, wa K1.7 biliyoni, unakhala m'khoti zaka zoposa khumi, n'kuthetsedwa mu 2023 popanda chigamulo. Wa malemu a Saulos Chilima, omwe anamangidwa mu Novembala 2022, unathetsedwa mu Meyi 2024. Palibe anapezeka wolakwa, palibenso amene khoti linamuyeretsa. Basi zii!

Ena amati munthu asamazunzike ndi mlandu wosatha. Ndi zoona, ndipo ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko imati woimbidwa mlandu aweruzidwe mwachilungamo komanso m'nthawi yake. Boma likachedwetsa dala, likabisa umboni kapena likafufuza mwachinyengo, mlanduwo uyenera kuimitsidwa. Lamulo limeneli ndi labwino, lingateteze ngakhale iwe ndi ine.

Vuto langa ndi ili. Mlandu ukaima chifukwa boma lausokoneza, ndiye kuti pali munthu wausokoneza. Ali ndi dzina, ali ndi ofesi, amalandira malipiro a misonkho yathu. Bwanji iyeyo sayankhapo? Injini ikafera pakati pa nyanja chifukwa makaniko sanamange bwino, eni boti sangoti zachitika. Amakupeza pagombe.

Nanga ife? Ugwidwe ndi ukonde woletsedwa, kapena ukaponye ku Mbenji nthawi yomwe a mfumu Makanjira atseka chilumba, chilango chake n'chapompopompo. Sitikana, chifukwa nsomba zikatha tonse tagwa. Koma wosauka aziweruzidwa lero, wa biliyoni mpaka mboni zitakalamba?

Ndime 99 imapatsa mkulu woimira boma pa milandu mphamvu yothetsa mlandu, koma imamulamulanso kupereka zifukwa ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Zifukwa zimenezo zisamathere m'chipinda cha aphungu. Aziwerenge pa wailesi, m'Chichewa, tonse timve.

Phungu wanu akabwera kudzagawa mipira ndi mayunifomu, landirani, kenako mumufunse kuti: bwana, zifukwa zija munaziona? Anachedwetsa mlandu ndani, ndipo walangidwa bwanji? Asakuyankheni za chipani, nkhaniyi siisankha mtundu wa nsalu.

Tumizani ku magulu onse a asodzi.