ZA PAKHOMO: MIYALA YOYALA PAKHONDE SILINGANA

Nyengo ya cilimwe ikafika, cimanga cili m'nkhokwe ndipo ndalama za nshawa ndi thonje zalowa m'thumba, mabanja ambiri amaganiza zokonza pakhomo mbvula ya m'Novembala isanagwe. Nchito imodzi imene anthu amaikonda ndiyo kuyala miyala yaphanthiphanthi pakhonde ndi pabwalo kuti matope asamalowe m'nyumba. Komatu nchito yomweyi yadanitsa anthu. Ngolo ikatsitsa miyala, wina wokhuthala ngati njerwa, wina wopyapyala ngati cikhatho, mwini nyumba amayamba kunena kuti wogulitsa wamubera. Mmisiri naye akalephera kusalaza khonde amati colakwa ndi miyala. Kawirikawiri wogulitsa alibe mlandu, ndipo miyala ilibenso mlandu.

Mwala wa mcenga, umene ena amanolerapo mipeni ndi nkhwangwa, unali mcenga weniweni kalekale. Madzi anauyala m'mitsinje ndi m'nyanja, wina pamwamba pa unzace, ndipo unapanikizika mpaka kuuma gwa. M'dziko la Zambia miyala yotere ikupezeka m'cigwa ca Luangwa ndi ca Gwembe, ndipo akatswiri a miyala amati yambiri ili ndi zaka zoposa 200 miliyoni. Madzi sanali kuyala mcenga ndi muyeso. Nthawi zina anasiya wambiri, nthawi zina pang'ono. Tsono munthu wosema miyala akakhoma chizulo, mwala umang'ambika potsata mizere yakaleyo, osati potsata cifuniro cace.

Ngakhale ku maiko kumene amaceka miyala ndi makina, bvutoli silinathe. Miyala ya mcenga ya ku Rajasthan m'dziko la India, imene imagulitsidwa kwambiri ku Britain, imadulidwa pa miyeso yodziwika, monga mamilimita 900 ndi 600, kapena 600 ndi 290, ndipo yambiri imapalidwa kunsi kuti ikhuthale mamilimita 22. Komabe omanga akaika tepi amapeza kuti yasiyana ndi mamilimita angapo. Nanga kuli bwanji mwala wosemedwa ndi nyundo m'mbali mwa phiri?

Mmisiri wodziwa nchito sayamba ndi kukanya simenti. Amayamba wasankha miyala m'milu itatu monga mwa kukhuthala kwace, kenaka amaiyala pansi pouma, naitembenuzatembenuza mpaka m'mbali mwace mutagwirizana. Tsiku lathunthu likhoza kuthera pamenepa, ndipo mwini nyumba wosadziwa amayesa kuti mmisiriyo akuseweretsa nthawi. Sikusewera ai. Simenti ikakanyidwa siyembekeza munthu amene akufunafunabe mwala wolowa pakona.

Cinsinsi ca nchitoyi ndi cakuti mwala wokhuthala koposa yonse ndiwo umalamula kuzama kwa dzenje. Ngati mwalawo uli wa masentimita 6, pansi pace pafunika dothi la simenti la masentimita 3, ndipo pansi pa dothilo pafunika miyala yophwanyaphwanya yotsenderedwa bwino ya masentimita 10. Motero malo onse akumbidwe pafupifupi masentimita 20. Mwala wa masentimita 3 ukaikidwa pafupi ndi wokhuthala uja, kunsi kwace kulowe dothi la masentimita 6, kuti pamwamba pa yonse iwiri palingane ndi cingwe. Cimene cimasintha ndi dothi la kunsi, cingwe sicisuntha.

Apa pali phunziro la ndalama limene ogula ambiri saliona. Miyala yopyapyala imaoneka yotsika mtengo ndipo siyolemetsa ng'ombe, koma ikasakanizidwa ndi yokhuthala imadya simenti yambiri. Ndi canzeru kupita komwe akusema ndi kamtengo kolembedwa muyeso, ndi kusankha miyala yosasiyana kwambiri. Pamwamba pa ciwerengero cofunika aonjezepo mwala umodzi pa khumi iliyonse, pakuti ina idzasweka panjira ndipo ina idzadulidwa.

Dothi loyalira likhale la muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso isanu ya mcenga wa kumtsinje, lolimbirapo, losacita phala. Amisiri ena, pofuna kusunga simenti, amangoika timibulu tisanu, tinai m'makona ndi kamodzi pakati, nasanjika mwala pamwamba. Njira imeneyi ndi yoipa ndithu. Mphako zotsala kunsi zimasunga madzi, ciswe ndi nyerere zimapezamo nyumba, ndipo tsiku lina mtondo ukagwerapo mwala umasweka pakati. Dothi lidzaze kunsi konse. Kunsi kwa mwala kutsukidwe ndi kupakidwa simenti yamadzimadzi kuti kugwire, ndipo pougogoda agwiritse nchito cipika ca mtengo, osati nyundo yacitsulo. Mwala ukakhala ndi mbali ina yotambalala kuposa inzace, yotambalalayo ndiyo iyang'ane kumwamba.

Kusiyana kwa m'litali ndi m'lifupi kumabisika m'mipata. Mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka ndi wokwanira, ndipo sicolakwa ngati pena wakula pang'ono. Woyesa kugundanitsa miyala ngati njerwa amapeza mzere wace utakhota asanafike pakati. Apewenso kukumanitsa makona anai pamalo amodzi, cifukwa diso limathamangira pomwepo. Simenti yodonthera pamwamba ipukutidwe msanga ndi nsanza yonyowa, pakuti mwala wa mcenga umamwa, ndipo banga lace silicoka.

Coopsa kuposa zonse ndi madzi. Khonde liyenera kupendekera kunja, sentimita imodzi pa masentimita 60 alionse. Khonde lotambalala mamita 3 litsike masentimita 5 kucokera ku cipupa kufika kumapeto, ndiponso likhale lotsikirapo poyerekeza ndi pansi pa m'nyumba. Miyala yokhuthala ikathera kunja ndipo mmisiri sanayang'ane levulo, madzi a padenga amabwerera ku cipupa, ndipo nyumba ya njerwa zosaocha siicedwa kufumbutuka m'munsi. Mwala umodzi wotumphuka ndi sentimita imodzi yokha ndi wokwana kugwetsa agogo usiku, kapena mai amene wasenza mtsuko ali ndi mwana kumbuyo.

Banja limene silingathe kugula simenti lisataye mtima. Miyala ikuluikulu yokhuthala masentimita 5 kapena kuposapo imakhazikika pa mcenga wotsenderedwa, malinga m'mphepete mwacingidwa ndi miyala yoimika kuti mcenga usakokoloke. Yopyapyala pa mcenga imagwedera ndi kusweka, conco isungidwire nchito ina.

Kumene agwiritsa nchito simenti, khonde lifunditsidwe udzu kapena masaka onyowa, lizithiriridwa m'mawa ndi madzulo, ndipo ana ndi mbuzi asapondepo kwa masiku atatu.