Mzere umodzi pakhoma

Lamlungu lapitali tinatsika minibasi pa Nkando, pamsewu wa Midima, popita kukazonda mayi wina wa mumpingo mwathu amene akuvutika ndi mphumu. Tisanafike kwawo tinadutsa panyumba ya agogo ena, ya njerwa zosawotcha. Khoma analizira ndi dothi lofiirira, ndipo m'munsi mwake anadutsitsa mzere umodzi wa mtsiro wakuda, wolekeza m'mawondo, kuzungulira nyumba yonse. Basi. Tinaima kaye n'kumayang'ana.

Pabalaza la odwalawo panali zina. Maluwa apulasitiki m'makona monse, makalendala anayi a zaka zomwe zinatha kalekale, zidole pamwamba pa kabati, tinsalu toluka pampando uliwonse, makatani okhuthala otseka zenera. Sitikuwanena ayi, chifukwa pabalaza pathu pomwe pali zomwezo. Tonse tinakula tikuona kuti nyumba yodzaza zinthu ndiye ya munthu wotukuka.

Koma kukongoletsa kwa makolo athu sikunayambe choncho. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zakale kwambiri ndi zofiira, za Akafula, ndipo zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira chabe. Pambuyo pake Achewa olima anabwera ndi dothi loyera, n'kumajambula nyama ndi chala, zina zokhudza chinamwali. M'phanga limodzi mumatha kuona zoyera zitakhala pamwamba pa zofiira. Luso limasintha ndi anthu ake, ndipo silisintha molunjika kumodzi.

Ku New York m'zaka za m'ma 1960, amisiri ena anatopa ndi zithunzi zodzaza mitundu ndi phokoso. Donald Judd anayamba kupachika pakhoma mabokosi achitsulo ofanana, otalikirana mofanana. Agnes Martin ankajambula timizere ta pensulo pansalu yaikulu, pafupifupi yopanda kanthu. Lero anthu amalipira ndalama kuti akaone zimenezi, n'kumazitcha minimalism. Agogo a pa Nkando aja sanamvepo za Judd, koma amadziwa zomwe iye ankafuna: kuti mzere umodzi umaoneka bwino ngati palibe china choupikisa. Komanso mzere wawowo uli ndi ntchito, umabisa matope omwe mvula imathovutsira pakhoma.

Nkhaniyi ikukhudzanso thupi. Duwa lapulasitiki silifota, choncho palibe amene amakumbukira kulitsuka. Fumbi la m'chilimwe limakhala m'timasamba take ndi m'tinsalu toluka, ndipo wodwala mphumu amalipuma usana ndi usiku. Kuseri kwa makatani okhuthala ndi zovala zolendewera pachingwe ndi komwe udzudzu umabisala masana.

Tinawapempha mayiwo mwaulemu ngati tingawathandize kukonza pabalaza. Anavomera monyinyirika. Makalendala atatu tinatsitsa, maluwa tinatsuka n'kuwaika m'thumba, katani tinalimangira pambali. Zidole anakana, akuti anagula ndi malemu bambo a kunyumbako, ndipo tinazisiya titazipukuta. Pakhoma panatsala chithunzi chimodzi cha tsiku la ukwati wawo, ndipo pazenera phiri la Mulanje linaonekera.

"Inetu ndinaiwala kuti phirili limaoneka ndili pampando pano," anatero.