Mau kwa Alimi: Dothi Lookeramo Mbande

Inu alimi, mbande zanu za matimati ndi kabichi zikaphuka masamba awiri enieni, nthawi yakuziokera m'machubu yakwana. Tsono chenjerani ndi dothi limene muthiramo.

Ambiri amathamangira kukhola nakatapa ndowe yadzulo, ati mbande zikule msanga. Iai! Ndowe yaiwisi imatentha mizu, ndipo zitosi za nkhuku ndiye zoposa. Posachedwa mudzaona mbande zafota, mbeu munagula ija yapita pachabe. Manyowa abwino ndiwo aja ogonera, akuda bii, ofumbutuka m'manja, osanunkha, ndiponso osatentha mukapisamo dzanja.

Sanganizani zidebe 2 za dothi lapamwamba la pansi pa mitengo, chidebe 1 cha manyowa otere, ndi chidebe 1 cha mchenga wa kumtsinje. Makande okhaokha amasunga madzi, mizu niola. Musatape dothi pamene panali fodya kapena matimati chaka chatha, pakuti m'menemo mumabisala tizilombo totupitsa mizu.

Kodi mudzadziwa bwanji kuti lakhala bwino? Linyowetseni pang'ono, nimulifumbate. Likaumbika, koma ndi kumwazika mukaligunda ndi chala, ndilo limenelo. Okerani madzulo dzuwa litapepa, ndipo mbande muzigwira masamba, osati tsinde.