Kakyuleta yakale silepheretsa mwana mayeso

Mwezi wathawu ndidapita kukazonda mlongo wanga amene amathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Ndidapeza pakhomo pali zii. Nditafunsa chavuta, adandiuza kuti mwana wake wamkazi, yemwe ali Fomu 3 pasukulu ina ya CDSS, wanyanyala nsima chifukwa cha kakyuleta.

Nkhani yake idali yotere. Bambo ake aang'ono amene ali ku Joni adamutumizira kakyuleta yogwirapo kale ntchito, mtundu wa TI-83 Plus, ija imajambula magirafu. Ndi yaikulu, yokalikakalika, ndipo kumbuyo kwake kudakali dzina la mwini wake woyamba. Anzake kusukulu adaipatsa dzina loti njerwa.

"Malume, anzanga akuti iyi ndi ya nthawi ya Kamuzu. Ndikalemba nayo bwanji mayeso?" adandifunsa misozi ili lengelenge.

Mayi ake, pomvera chisoni mwana, adali ataganiza kale zokatenga katapila kuti akagule yatsopano ku Limbe, n'kudzabweza ikakwana fotinayiti. Apa ndiye mtima wanga udawawa, chifukwa ndikudziwa kuti nkhaniyi si ya banja limodzi lokha. Ilipo ku Bvumbwe, ku Makwasa, ku Luchenza mpaka ku Thekerani, kulikonse kumene kholo limapeza ndalama pogwada ndi dengu kumsana.

Maganizo anga ndi awa: kukalamba kwa kakyuleta sikudalepheretsepo mwana masamu. Zimene zimagwetsa ana ndi zitatu: kulowa m'mayeso ndi kakyuleta imene sakuidziwa, kutenga imene oyang'anira mayeso angaikane pakhomo, ndiponso kuisiyira ntchito imene imayenera kugwiridwa ndi mutu.

Tiyambe ndi nkhani ya zakayo. Kakyuleta yoyamba yojambula magirafu idatuluka mu 1985, yopangidwa ndi kampani ya Casio ya ku Japan, ndipo dzina lake lidali fx-7000G. Kampani ya Texas Instruments ya ku America idatsatira ndi TI-81 mu 1990, kenaka TI-83 mu 1996. Ya mwana wa mlongo wangayo mtundu wake udayamba mu 1999, Kamuzu atamwalira kale, choncho anzake aja ngakhale mbiri yomwe adaiphonya.

Koma tinene kuti idapangidwadi kale. Kodi masamu asintha chiyani kuchokera nthawi imeneyo? Sin 30 adali 0.5 agogo athu akulima thangata, ndipo lero akadali 0.5. Malogarithm amene mwana wa Fomu 4 amalimbana nawo adawatulukira John Napier mu 1614. Makolo ambiri amene adalemba MSCE kale adalibe n'komwe kakyuleta. Ankagwiritsa ntchito kabuku ka matebulo a manambala, ndipo ena mwa iwo ndi amene akuphunzitsa ana athu masamu lero.

Kakyuleta si foni yoti chaka chilichonse ifune zatsopano. Imene inkawerengera bwino mu 1999, ngati mabatani ake akugwira ndipo manambala akuoneka, iwerengeranso bwino lero. Pa esiteti pomwepo, kodi alipo adafunsapo zaka za kakyuleta ya kalaliki amene amawonkhetsa makilogalamu a masamba? Chimene wothyola tiyi amafuna n'choti chiwerengero chikhale choona, basi.

Komabe ndinganame nditanena kuti njerwa ya mwana uja ilibe vuto. Vuto lilipo, kungoti si limene anzake amamusekera.

Loyamba ndi la m'chipinda cha mayeso. Mapepala a masamu a MSCE amalola kakyuleta za sayansi, zija zili ndi sin, cos, tan ndi log. Koma kakyuleta yojambula magirafu imaposa pamenepo. Munthu angathe kusungamo mawu, mafomula ngakhale njira zopezera mayankho. N'chifukwa chake ngakhale mabungwe a kunja amasamala nazo. A Cambridge, mwachitsanzo, salola kakyuleta yojambula magirafu pa mayeso a masamu wamba a IGCSE, amangoilola pa silabasi imene aikonzera zimenezo.

Kuno kwathu tisaiwale kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa atabedwa, ndipo ana adalembanso mu Januwale 2021. Dziko limene lidaona zoterezi, woyang'anira mayeso sangachitire mwina koma kukayikira chipangizo chilichonse chosunga mawu. Tangoganizani mwana wafika pakhomo m'mawa wa chiperoni, mtima uli phaphapha, n'kumva kuti kakyuleta yake itsale panja. Ameneyo walephera asadatsegule pepala, osati chifukwa sadziwa masamu ayi, koma chifukwa palibe adamuchenjeza nthawi ikadalipo.

Vuto lachiwiri ndi lakuti kakyuleta iliyonse ili ndi khalidwe lake. TI-83 Plus ikafufutika zonse za m'kati, imabwerera poyeza makona m'maradian osati m'madigiri. Mwana akadina sin 30 imamupatsa -0.988 m'malo mwa 0.5. Ngati sadziwa kuti ayenera kudina batani la MODE n'kusankha Degree, mafunso onse a makona apita m'madzi. Ilinso ndi mabatani awiri ofanana maonekedwe, lina lochotsera, lina losonyeza nambala yochepera pa ziro. Ukawasokoneza imangokana kuwerengera.

Makakyuleta ena akale kwambiri amafuna uyambe wadina 30 kenaka sin, pamene a masiku ano umayamba ndi sin. Pa ena ukafuna kuchulukitsa -3 ndi iye mwini umapeza 9 mosavuta, pa ena umapeza -9 pokhapokha utaika nambalayo m'mabulaketi. Palibe yowonongeka pamenepa. Iliyonse ikuchita zimene adaipangira, ndipo mwana amene wakhala nayo chaka chathunthu amazidziwa zonsezi ngati njira ya kumjigo.

Apa ndi pamene pali chilonda chenicheni. Ana ambiri a m'makomboni amaphunzira zaka zinayi opanda kakyuleta yawoyawo. M'kalasi amasuzumira ya mnzawo, kunyumba amangolemba ntchito theka. Mayeso akayandikira ndi pamene kholo limathamanga kukabwereka kwa aneba, mwana n'kuigwira koyamba usiku woti mawa akalemba. Kaya ikhale yatsopano yochokera m'pepala, mwana wotere adzataya nthawi kusakasaka batani la log pamene anzake ali pa funso lachitatu.

Vuto lachitatu ndi mabatire. TI-83 Plus imadya mabatire anayi ang'onoang'ono, kuwonjezera pa kena kobulungira kosunga zimene zili m'kati. Pakhomo pamene tochi ndi wailesi zikulimbirana ndalama yomweyo, umenewu ndi mtolo. Kakyuleta wamba ya sayansi, monga Casio fx-82MS imene yadutsa m'manja mwa ana ambiri m'dziko muno, imafuna batire limodzi lokha ndipo limakhalitsa.

Lachinayi ndi ulesi wa mutu. Pa MSCE girafu imajambulidwa ndi pensulo pa pepala la magirafu, ndipo malikisi amaperekedwa pa njira imene mwana wadutsa, osati pa yankho lokha. Mwana amene adazolowera kuti makina amujambulire adzasowa poyambira akapatsidwa pepala ndi rula.

Nanga tiitaye njerwayo? Ayi ndithu. Ikhale mphunzitsi wa kunyumba. Mwana ajambule yekha girafu ya y = x² - 4, aone kuti ikudutsa pa 2 ndi pa -2, kenaka afunse kakyuleta ngati walondola. Asinthe 4 kukhala 9, aone mmene girafu yatsikira. Zimene mphunzitsi angafotokoze ola lathunthu ndi choko, mwana amaziona ndi maso m'mphindi imodzi. Pasukulu imene ilibe kompyuta, kakyuleta imodzi yotere m'manja mwa mphunzitsi wa masamu ingathandize kalasi yonse.

Ena anena kuti makakyuleta atsopano ndi osavuta, amalemba mafulakishoni monga mmene amaonekera m'buku, ndipo mphunzitsi savutika ngati ana onse ali ndi mtundu umodzi. N'zoona, sindikutsutsa. Kholo limene lili nayo ndalama ligule. Chimene ndikukana n'choti mayi amene amanyowa ndi mvula kuyambira Disembala mpaka Epulo alowe m'katapila chifukwa choti ana ena aseka. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja adakwera mtengo, ndipo kakyuleta sitipanga kuno.

Komanso tisaiwale kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. M'misika yathu mwadzaza makakyuleta achinyengo, onyezimira bwino, olembedwa dzina lofanana ndi la kampani yodziwika. Ena mabatani amafufutika pakangopita teremu imodzi, ena amazima okha ukangowagwedeza. Kusiya kakyuleta yeniyeni yakale n'kukagula yachinyengo yatsopano n'kutaya ndalama kawiri.

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma taonani chimene chili kutsogolo kwake. M'boma lomweli la Thyolo, ku Ndata, kuli sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST imene idalandira ophunzira oyamba mu 2014. Mwana wa wothyola tiyi angathe kuiona ndi maso ali pa minibasi, koma kuti akaphunzireko zauinjiniya pafunika atakhoza bwino masamu. Kusiyana kwa 6 ndi 7 pa setifiketi ya MSCE ndi kusiyana kwa kirediti ndi kungokhoza chabe, ndipo nthawi zina kumagona pa malikisi ochepa amene mwana adataya posakasaka batani. Tiyi wakhala akulimidwa ku Thyolo zaka zoposa 100. Ngati tikufuna kuti adzukulu a amene adadzala tiyiyo adzakhale mainjiniya a m'mafakitale momwemo, tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti tisamatipeputse.

Tsono tichite chiyani? Aphunzitsi a masamu, chonde, sabata yoyamba ya Fomu 3 uzani ana abweretse makakyuleta awo, muwaone imodzi ndi imodzi. Mwana aliyense adine sin 30 inu mukuona. Amene ali ndi yojambula magirafu auzidwe pomwepo kuti apeze ina ya mayeso, osadikira mwezi wa Juni. Ndipo mukamva ana akuseka mnzawo chifukwa cha kakyuleta yakale, apatseni funso limodzi onse, aone ngati mayankho asiyane.

A Maneb, uthenga wa mtundu wa kakyuleta yololedwa uzifika kwa makolo m'Chichewa, pa wailesi, chaka chikamayamba. Wachibale wa ku Joni amene amagula ndi mtima wabwino adziwe choyenera kugula.

Makomiti a makolo ndi aphunzitsi, bwanji osapempha ana amene amaliza Fomu 4 kuti asiye makakyuleta awo pasukulu, kapena awagulitse motchipa kwa a Fomu 2? Ambiri amakangogona m'sutikesi mpaka batire kuwola. Sukulu izibwereketsa monga imachitira ndi mabuku, mwana asayinire, akhale nayo zaka ziwiri, adzabweze akamaliza. Eni maesiteti ndi magulu a alimi ang'onoang'ono a tiyi, pamene mukuganiza zothandiza sukulu zoyandikana nanu, kumbukirani kuti katoni imodzi ya makakyuleta enieni ingatumikire ana zaka zambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa mlongo wanga kuja nkhani idatha popanda katapila. Mnyamata wina wa nyumba yoyandikana nawo, amene adalemba Fomu 4 zaka zapitazo, adatulutsa Casio yake yakale m'chikwama. Chivindikiro chidasweka, koma titaika batire latsopano idayaka, ndipo sin 30 idatipatsa 0.5. Tidagwirizana mtengo wochepa. Imeneyo ndi imene mwana azipita nayo kusukulu tsiku ndi tsiku mpaka tsiku la mayeso, pamene njerwa ija izikhala pakhomo yoonera magirafu madzulo.

Ndisadanyamuke ndidamufunsa kuti, popanda kugwira kakyuleta iliyonse, andiuze ndalama zimene mayi ake angalandire atathyola makilogalamu 50 tsiku lililonse kwa masiku 12. Adayamba kukanda m'mutu. Mayi ake, amene adalekezera Sitandade 6, adayankha ali kuchikuta kuti ndi makilogalamu 600, achulukitse yekha ndi mtengo wa kilo. Mwanayo adaseka, n'kukasamba m'manja kuti adye nsima ija.